Chikope chinagwedezeka atalowetsa magetsi, kodi achimwene anali moyo?

Uthenga uwu wachokera kwa mayi wina, ndaufupikitsa pang'ono ndipo mayina ndachotsa.

"Adokotala, achimwene anga amaphunzira ku Germany ndipo anapezeka atamwalira m'chipinda mwawo mu January, anawapeza ndi mnzawo wokhala naye nyumba imodzi cha m'ma 8 koloko m'mawa. Maliro tinayika kale kumudzi. Panopa tapeza pepala lomwe analemba dokotala amene apolisi anabwera naye, mnzawo uja watimasulira, akuti anafika 10 koloko, anayeza kutentha kwa thupi kenako anabaya timasingano pa chikope nkulowetsa magetsi, chikope cham'mwamba chonse chinagwedezeka koma cham'munsi ayi. Pamapeto alemba kuti anamwalira pakati pa 1 koloko usiku ndi hafu pasiti 6 m'mawa. Amayi chimvereni zoti diso linagwedezeka sakugona, akuti mwana wanga anali moyo anamumaliza ndi magetsi. Ine ndinawaimbira foni 11 koloko usiku womwewo sanayankhe. Kodi anali atapita kale? Nanga bwanji ndi zipangizo zawo zonse zija akulephera kutchula ola lenileni?"

Pepani kwambiri achemwali, mupepesenso amayi m'malo mwanga. Maliro a kunja amawawa mwamtundu wina chifukwa palibe chomwe unaona ndi maso ako, umangolandira bokosi pa bwalo la ndege ndi mapepala a chilankhulo choti suchimva, ndiye mutu umayamba kudzipangira wokha nkhani zoopsa. Ndiyambe ndi za amayi poti ndi zomwe zikuwasowetsa tulo. Ayi, mwana wawo sanali moyo pa 10 koloko paja, magetsi aja sanawamve olo pang'ono, ndipo si amene anawapha. Apa ndikunena mosakayika ngakhale thupilo sindinalione, chifukwa ntchito yopima matupi a anthu omwalira ndi yomwe ndimagwira ndipo ndikudziwa ndondomeko yake mmene imayendera.

Dokotala wa ntchito imeneyi sayamba ndi singano. Amayamba waona kaye zizindikiro zomwe sizinama, magazi atsikira mbali yomwe thupi lagonera nkusiya zigamba zofiirira pakhungu, nsagwada ndi khosi zayamba kuuma. Ku Germany dokotala woona maliro amayenera kupeza zizindikiro zotsimikizika ngati zimenezi asanalembe kuti munthu wamwalira, komanso kawirikawiri wa ambulansi amakhala atafika kale poyamba nkuona kuti palibenso chochita. Amene anabwera 10 koloko uja si wodzatsimikiza imfa, iye amaitanidwa ndi apolisi pamene imfa yatsimikizika kale koma sizikudziwika kuti yachitika bwanji komanso nthawi yanji. Ndiye pofika pa timasingano tija funso loti ali moyo kapena ayi linali litatsekedwa maola awiri m'mbuyomo.

Nanga chikope chinagwedezeka bwanji munthu atafa? Thupi silifa lonse nthawi imodzi, apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Mtima ukasiya kupopa magazi, ubongo ndi womwe supirira, pakangotha mphindi zochepa chabe popanda okosijeni maselo ake amayamba kuwonongeka osabwereranso, ndipo kumva, kuganiza, kuzindikira ululu, zonse zimathera pamenepo. Munthu amene mumamudziwa uja amapita nthawi imeneyo. Koma minofu ndi yamakani, imakhala ndi chakudya chake chosunga mkati mwake ndipo imatha kuchigwiritsa ntchito ngakhale mpweya usakubwera. Amayi mukhoza kuwafotokozera ndi chinthu choti achiona kambirimbiri: mbuzi yaphedwa, mutu wadulidwa uli apo, yasendedwa yapachikidwa, koma nyama ya pa ntchafu ikungophiriphitha, ukaikhudza ndi mpeni kapena kuwazapo mchere ikudumpha. Palibe amene amanena kuti mbuziyo ili moyo kapena ikumva kuwawa. Ndi nyama chabe yomwe mphamvu yake sinathe. Pepani kuyerekeza mwana wa munthu ndi chiweto, koma minofu yathu ndi ya mbuzi imagwira ntchito mofanana ndithu.

Mkati mwake zimayenda chonchi. Kuti mnofu ukokeke nkumasukanso umafuna kamphamvu kotchedwa ATP. Magazi akasiya kuyenda mnofu umayamba wadya kaye nkhokwe ya mphamvu yotchedwa creatine phosphate yomwe unasunga, imeneyi sichedwa kutha, kenako umayamba kuphwanya shuga wake wosunga wotchedwa glycogen popanda okosijeni. Njira imeneyi imapereka ATP wochepa ndipo imasiya asidi yemwe akungochulukirachulukira chifukwa palibe magazi omuchotsa. Pa khungu la selo lililonse pali timapampu tomwe timatulutsa sodium nkulowetsa potassium, ndi timeneti tomwe timapangitsa kuti selo lizitha kuyankha likalandira uthenga wa magetsi, ndipo nato timadya ATP yemweyo. Tili moyo uthenga woti mnofu ukokeke umachoka mu ubongo kudzera m'mitsempha, ndipo uthengawo pawokha ndi kamagetsi kakang'ono. Kamashini ka dokotala kaja kamangolowa m'malo mwa ubongo omwe kulibenso, kamauza mnofu mwachindunji kuti kokeka, ndipo ngati ATP watsalako mnofu umakokeka. Maola akamapita umayankha mofooka, kenako kachigawo kochepa kokha, kenako zii. ATP akatheratu timaulusi ta mkati mwa mnofu timakolana osamasukanso, kumeneko ndiye kuuma kwa mtembo komwe tonse timakudziwa. Ndiye kugwedezeka kwa chikope ndi kuuma kwa thupi ndi nkhani imodzi yomweyo, kwina ndi koyambira kwina kothera.

Amayi asadzione ngati osadziwa zinthu, anthu ophunzira a ku Ulaya anaganizapo chimodzimodzi. Luigi Galvani wa ku Bologna ku Italy analemba mu 1791 za miyendo ya achule akufa yomwe imadumpha akaigunditsa magetsi. Mphwake Giovanni Aldini anapita nazo patali, mu January 1803 ku London anayesa pa thupi la George Forster yemwe anali atangonyongedwa kumene ku ndende ya Newgate, nsagwada zinanjenjemera, diso limodzi linatseguka, dzanja linadzuka, ena mwa oonerera anaganiza kuti munthuyo akuuka. Sanauke. Zinatenga zaka zambiri kuti madokotala asiye kufunsa kuti kodi magetsi angadzutse wakufa nkuyamba kufunsa funso lothandiza, loti kodi kuyankha kumeneku kumatha pakapita maola angati. Amene anaikonza kukhala njira yoyezera ndi madokotala a ku Germany komweko, makamaka Claus Henssge ndi Burkhard Madea, nchifukwa chake mwaipeza mu lipoti lochokera kumeneko. M'maiko ambiri saigwiritsa ntchito nkomwe. Ine ndinaiona ikuchitika nthawi yomwe ndinali pa maphunziro ku Ulaya, ndipo ndivomereze kuti ulendo woyamba thupi limachita tsembwe ngakhale ukudziwa bwinobwino chomwe chikuchitika.

Kachitidwe kake nkosavuta. Kamashini nkakang'ono, koyendera batire, kali ndi mawaya awiri othera ku timasingano tiwiri. Amabaya timasinganoti pa chikope cham'mwamba mbali ya kumphuno, motalikirana masentimita 1.5 mpaka 2, kulowa mkati mamilimita 5 mpaka 7 basi. Magetsi ake ndi 30 milliampere, obwera modukizaduka ka 50 pa sekondi. Amayenda kuchoka pa singano imodzi kupita pa inzake, kamtunda kosakwana kutalika kwa chala, sadutsa pa mtima ayi. Musasokoneze ndi mashini a m'mafilimu aja omwe amagunditsa pachifuwa munthu nkudumpha pa bedi, amenewo ndi ena, amphamvu kwambiri, ndipo amathandiza m'mphindi zoyambirira zokha mtima ukasokonekera kagundidwe. Amasankha chikope chifukwa mnofu wozungulira diso ndi wopyapyala, uli pansi pa khungu penipeni ndiye kagwedezeke kakang'ono kamaoneka, ndipo umachedwa kusiya kuyankha. Ena amayesanso mnofu wozungulira pakamwa kapena wa m'munsi mwa chala chachikulu cha dzanja.

Chomwe dokotala amayang'ana si choti chagwedezeka kapena ayi kokha, amayang'ana kuti kugwedezekako kwafalikira mpaka pati, ndipo pali masitepe 6. Munthu akangomwalira kumene mbali yonse ya nkhope imakokeka, zikope zonse ziwiri, tsaya mpaka pachipumi, imeneyo ndi sitepe 6 ndipo imatha pakati pa ola 1 ndi maola 6. Kenako chipumi chimasiya, kutsala zikope ndi tsaya, sitepe 5, yomwe imatha pakati pa maola 2 ndi 7. Tsaya likasiya kutsala chikope cham'mwamba ndi cham'munsi ndi sitepe 4, maola 3 mpaka 8. Sitepe 3 ndi chikope cham'mwamba chonse chokha, imatha kupezeka mpaka maola 13. Sitepe 2 ndi gawo chabe la chikopecho, mpaka maola 16, ndipo sitepe 1 ndi kakunjenjemera ka pafupi ndi singano penipeni komwe kamatha kupezeka mpaka maola 22. Mwaona kuti manambalawa akulowerana, munthu yemwe wamwalira maola 5 apitawo akhoza kukhala pa sitepe 6, wina wa maola 5 omwewo ali kale pa sitepe 2. Anthu sitifanana olo titafa.

Nchifukwa chake njirayi siitchula ola, imangoika malire awiri. Chomwe chagwedezeka chimakuuza kuti sipanadutse maola oposa akutiakuti, chomwe chakana kugwedezeka chimakuuza kuti padutsa maola osachepera akutiakuti. Tiyeni tiwerengere pa za achimwene anu. Chikope cham'mwamba chonse chinayankha, ndiye kuti sipanadutse maola oposa 13, kubwerera m'mbuyo kuchoka 10 koloko m'mawa tikufika 9 koloko usiku. Cham'munsi chinakana, ndiye kuti panali patadutsa maola osachepera 3, tikufika 7 koloko m'mawa. Ndiye magetsi paokha akunena kuti pakati pa 9 usiku ndi 7 m'mawa, mpata wa maola 10, waukulu ndithu. Koma taonaninso chinthu china apa chomwe amayi ayenera kumva: kukana kwa chikope cham'munsi, tsaya ndi chipumi ndi umboni woti imfa inali itachitika kale maola angapo. Akanakhala kuti angomwalira kumene nkhope yonse mbali imeneyo ikanakokeka. Chomwe chikuwaopsa chija ndi chomwenso chikuonetsa kuti mwana wawo anali atapita kalekale.

Nanga 1 koloko mpaka hafu pasiti 6 yachokera kuti? Ndikaona kukula kwa mpatawo, maola 5 ndi theka, ndikuona kuti yachokera ku kutentha kwa thupi. Henssge yemwe uja anakonza tchati chomwe umaikapo kutentha kwa mkati mwa thupi, koyezedwa ndi themomita yaitali kudzera kumbuyo, kutentha kwa m'chipinda, kulemera kwa munthuyo, nkuwonjezera zoti anavala chiyani, anafunda mabulangete angati, anagona pa matiresi kapena pa simenti. Tchaticho chimayamba ndi kuganiza kuti pomwalira thupi linali pa madigiri 37.2. Zinthu zikakhala bwino kwambiri yankho lake limakhala ndi maola 2.8 mbali iyi ndi 2.8 mbali inayo, kuphatikiza ndi maola 5.6, pafupifupi mpata womwe wakulemberaniwo. Ndiye dokotala anayeza kutentha kaye, kenako anagwiritsa magetsi kuti aone ngati ziwirizi zikugwirizana, ndipo zinagwirizana chifukwa 1 mpaka hafu pasiti 6 ikukwana bwinobwino mkati mwa 9 mpaka 7. Umu ndi mmene amachitira, njira zingapo nthawi imodzi iliyonse ikudula mbali yake. Mukaliwerenga lonse lipotilo mwina mupezamonso zoti anamenya mnofu wa pa mkono kuona ngati utupa kachotupa, chomwe chimachitika mpaka maola pafupifupi 13, kapena anapinda chigongono chouma kuti aone ngati chiumanso, kapena anadinikiza zigamba za magazi zija ndi chala kuona ngati zikuyera, pena amathira mankhwala m'maso kuona ngati mwana wa diso akukula kapena kuchepa. Zonsezi ndi mafunso ofanana ofunsidwa ku ziwalo zosiyana.

Tsopano za foni yanu. Choyamba kumbukirani kuti mu January ku Germany amakhala m'mbuyo ndi ola limodzi poyerekeza ndi ku Malawi, nthawi imafanana kuyambira kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa October kokha, ndiye 11 koloko yanu inali 10 koloko kwa iwo. Magetsi paokha sangatsutse kuti pa 10 koloko anali atamwalira chifukwa malire ake akuyambira 9, koma kutentha kwa thupi kukukankhira nthawi kutsogolo kufika 1 koloko. Ndiye kutengera pepala lomwe muli nalo, chomwe chikuoneka kwambiri nchoti nthawi yomwe munkaimba ija anali moyo, kaya anali mtulo, kaya kubafa, kaya foni inali pa silent. Ndikudziwa kuti yankho limeneli likhoza kubweretsa funso lina lowawa, loti ndikanaimbanso kachiwiri mwina bwenzi. Achemwali, foni yosayankhidwa 10 koloko usiku kwa munthu wa pa sukulu si chinthu choti wina aliyense angaitanire ambulansi, inu muli kuno iwo ali kutsidya kwa nyanja. Komanso kuyeza konseku sikunena kanthu za chomwe chinawapha, sikunena ngati anavutika kapena anangopitirira mtulo, sikunena ngati panali mpata woti wina awapulumutse. Mafunso amenewo amayankhidwa ndi postmortem, osati chikope.

Mwafunsa kuti bwanji akulephera kutchula ola lenileni. Kunena zoona ine dokotala amene angandilembere kuti munthu anamwalira 3:15 ndimamukayikira kuposa amene walemba mpata wa maola 5. Za ola lenileni ndi za m'mafilimu. Malire onse ndatchulawa anawerengedwa kuti akhale olondola pa anthu 95 mwa 100 aliwonse, ndiye kuti mmodzi mwa 20 amagwera kunja. Ndipo pali zinthu zodziwika zomwe zimasokoneza. Kuzizira kumachedwetsa zonse za mkati mwa mnofu, munthu wofera panja m'chisanu minofu yake imayankha nthawi yaitali kuposa manambala aja. Kutentha kumafulumizitsa. Chikope chomwe chatupa magazi chifukwa chomenyedwa, kapena cholowa mpweya pansi pa khungu chifukwa mafupa a nkhope athyoka, chimayankhanso nthawi yaitali, ndiye dokotala wosamala amayesa diso linalo. Munthu amene wadwala nthawi yaitali nkuwonda, kapena amene analimbana kwambiri kapena kukomoka mogwedezeka asanamwalire, amakhala atadya kale glycogen wake ndiye minofu imasiya msanga nkuuma msanga. Kumbali ya kutentha nakonso, hita ya m'chipinda ikhoza kukhala yoti imazima yokha usiku, wina akhoza kutsegula windo apolisi asanafike, munthu akhoza kumwalira thupi litatentha ndi matenda ndiye 37.2 ija sikugwiranso. Pali vuto linanso loti sitepe imaweruzidwa ndi maso a munthu, wina aona theka la chikope wina aona chonse. Madea anayesa kuthana nazo poyeza mphamvu ya kukokako ndi kachipangizo komanso nthawi yomwe mnofu umatenga kuti umasuke, yomwe imatalika maola akamapita, koma pa ntchito ya tsiku ndi tsiku ambiri amagwiritsabe maso.

Maganizo anga pa njirayi ndi oti ndi yabwino pa chomwe inapangidwira, tsiku loyamba, thupi lisanasunthidwe, ngati mboni yachiwiri pambali pa themomita. Payokha ndi yofooka. Ine pa ntchito yanga kuno sindiigwiritsa ntchito, osati chifukwa kamashiniko nkodula kwambiri ayi, koma thupi likamafika pa tebulo langa nthawi zambiri lagona kale mu filiji ya ku mochale usiku umodzi kapena awiri, pena labwera pa lole kuchokera kutali padzuwa, minofu inasiya kuyankha kalekale. Komanso manambala aja anatengedwa pa matupi a ku Ulaya m'nyengo ya kumeneko, sindingawatenge mmene alili nkukawagwiritsa ku Nsanje kapena Chikwawa mu October kunja kukutentha madigiri 40. Kumeneko olo themomita imasowa chonena chifukwa thupi silingazizire pamene mpweya ukutentha kuposa thupilo, ndiye ukaphatikiza ndi munthu womwalira ndi malungo thupi lili moto, tchati chija chimangokunamiza. Nthawi zambiri chomwe chimandithandiza kwambiri ndi zinthu wamba, anaonedwa komaliza nthawi yanji, nsima ya madzulo anadya kapena ili chivundikirire, m'mimba muli chakudya chotani, uthenga womaliza pa WhatsApp unatumizidwa nthawi yanji, nyali inali yoyaka kapena ayi.

Apa ndilankhuleko ndi ena omwe akuwerenga, poti zoterezi zimagwa paliponse. Mukapeza munthu ali gone osayankha, choyamba ndi kuona ngati akupuma ndi kufuna thandizo, zina zonse zimabwera pambuyo. Koma zikaoneka kuti wapita kale, thupi lazizira kapena lauma, ndipo imfayo ndi yodabwitsa, yesetsani kupirira osayamba mwambo wathu wa kuwongola miyendo, kumanga chibwano, kusambitsa ndi kufunditsa mabulangete apolisi asanafike. Ndikudziwa ndi ulemu ndipo manja amachita kuyabwa, koma kuwongola kumathyola kuuma kuja, kutembenuza kumasuntha zigamba za magazi, bulangete limasintha kazizilidwe. Ngati mwasuntha kale palibe mlandu, ingonenani zoona kuti tinamupeza chafufumimba tinamutembenuza 7 koloko, zimenezo zimatithandiza kwambiri kuposa kubisa. Lembani nthawi pa foni. Ndipo pasapezeke wina woyesa za magetsizi ndi mawaya a m'nyumba, mudzivulaza nokha komanso muwononga umboni.

Kubwerera kwa inu achemwali, pali zinthu zingapo zoti muchite. Pepala lomwe muli nalo likuoneka kuti ndi la pa malo pomwe anapezeka, si lipoti la postmortem. Ku Germany imfa yosadziwika bwino imapita ku ofesi ya oimira boma pa milandu, iwo ndi amene amaona ngati thupi ling'ambidwe, ndipo likang'ambidwa molamulidwa choncho pamakhala madokotala awiri. Zotsatira za magazi ndi mkodzo zofufuza mankhwala kapena poizoni zimatenga masabata pena miyezi, ndiye nkutheka kuti zinatuluka maliro atabwera kale kuno. Pa mapepala omwe anabwera ndi bokosi payenera kukhala nambala ya fayilo, isungeni. Njira yodalirika yoonera fayilo yonse ndi kudzera kwa loya wa komweko, ndipo ofesi ya kazembe wa Malawi ku Berlin kapena ofesi yoona za ophunzira akunja pa yunivesite yomwe amaphunzira ndi malo oyambira kufunsa. Mufunse ngati postmortem inachitika, chomwe anapeza, ngati zotsatira za magazi zinatuluka, komanso ngati apolisi anaona foni ndi laputopu yawo, chifukwa ngati anatumiza uthenga 2 koloko usiku ndiye kuti mpata uja wachepa kale popanda dokotala aliyense. Wina pa banja akayambitsa zoti tifukule tikayezetsenso kuno, dziwani kuti pa nkhani ya nthawi sizingathandize chilichonse, thupi lomwe linakonzedwa ndi mankhwala kuti likwere ndege nkuikidwa m'manda silingayankhenso mafunso amenewa.

Chinthu china chomwe sindikufuna muchiphonye. Ngati achimwene anu anali wachinyamata wooneka wathanzi, ndipo lipoti likadzabwera nkunena za mtima, kapena nkunena kuti sanapeze chifukwa chooneka, inu ndi abale anu obadwa nawo mimba imodzi mukayezetse mtima. Pali matenda ena a mtima oyenda m'magazi a pa banja omwe amapha munthu mtulo, ena mwa iwo saoneka nkomwe pa postmortem koma amaoneka pa ECG (kuyeza kagundidwe ka mtima ndi mashini) ya munthu wamoyo. Pitani ku chipatala chachikulu ngati Queens ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe kapena Mzuzu Central, mukanene momveka kuti m'bale wathu anamwalira mwadzidzidzi mtulo ali ndi zaka zakuti. Ngati wina mwa inu anakomokapo akuthamanga kapena popanda chifukwa, kapena mtima umamugunda mosokonekera, kapena pa banja panachitikaponso imfa ina yotere, ameneyo asadikire lipoti, apite sabata ino.

Za amayi, musawapatse manambala onsewa, muwauze zitatu basi, kuti imfa inatsimikizika kaye asanayeze, kuti ubongo ukapita palibe kumva ululu, komanso kuti nkhope yambiri inakana kugwedezeka kusonyeza kuti panali patapita maola. Pena mawu omwewo amalowa bwino akachokera kwa munthu wovala yunifolomu kusiyana ndi mwana wawo, ndiye mukhoza kupita nawo kwa dokotala kapena clinical officer amene amamukhulupirira, kapena mupemphe abusa kapena asisitere odziwa za chipatala akhale nawo pansi. Koma ngati papita masabata angapo akulephera kugona, sakudya, akuonda, BP yakwera, kapena ayamba kulankhula zoti bola nditsatire mwana wanga, imeneyo si nkhani yodikira kuti chisoni chithe chokha, apite kuchipatala ndipo mukanene mawu amenewo mmene anawanenera. Inunso chimodzimodzi ngati foni ija ikukubwererani usiku uliwonse.

Lipoti la postmortem likafika mukapite nalo kwa dokotala lonse, la Chijeremani lenilenilo pamodzi ndi lomasuliralo, chifukwa mnzawo wa achimwene akhoza kudumpha mizere ya manambala ndi mayina a mankhwala poganiza kuti siyofunika, pamene dokotala ayambira pomwepo kuwerenga.